DZIWE LA M'GALASI: KASUNGIDWE KA NSOMBA M'NYUMBA

Nkhani ya kwa acikumbe, azimai ndi ana a sukulu

Mvula ikagwa ndipo timitsinje tikadzala, ana a m'midzi amakonda kugwira matemba ndi kuwaika m'botolo kuti aziwaonerera. Madzulo tinsombato tisambira bwino, koma kukaca m'mawa tonse tiri toyandama, mimba kumwamba. Mwana alira, ndipo akulu angomuuza kuti, "Nsomba sikhala m'nyumba." Mau amenewa sali oona kweni-kweni. Nsomba ikhoza kukhala m'nyumba miyezi yambiri, ngakhale zaka, ngati woisunga adziwa cimene cinapha zija za m'botolo. Tsono zinthu zimene zipha nsomba m'botolo ndi zomwezo zimene zipha nsomba m'dziwe la mlimi. Kusiyana kwace nkwakuti m'dziwe madzi abisa zonse, koma m'galasi munthu aona ndi maso ace. Ndico cifukwa nkhani iyi iri yoyenera pa tsamba la acikumbe.

CIYAMBI CACE

Anthu a ku China anayamba kuweta nsomba zofiira zokondweretsa maso zaka zoposa 1,000 zapitazo, poyamba m'maiwe ndipo pambuyo pace m'mbiya. M'caka ca 1850 Robert Warington wa ku London anafotokoza za kuyesa kwace: anaika nsomba, zomera za m'madzi ndi nkhono m'cotengera cimodzi cagalasi, napeza kuti zomera zipatsa nsomba mpweya, ndipo zonyansa za nsomba zidyetsa zomera. M'caka ca 1853 nyumba yoonetsera nsomba m'magalasi inatsegulidwa ku London Zoo, ndipo kuyambira masiku amenewo cotengera cotere cichedwa aquarium pa Cingerezi. Nsomba za ku Africa kuno nazo zidziwika kutali. Kwa zaka zambiri nsomba zamawanga za m'Nyanja ya Tanganyika zakhala zikugwidwa ca ku Mpulungu ndi kutumizidwa pa ndeke ku maiko ena, monganso mbuna za m'Nyanja ya Malawi, kuti zikakongoletse nyumba za anthu.

COTENGERA

Nsomba ipuma mpweya umene uli m'madzi, ndipo mpweyawo ulowa m'madzi kudzera pamwamba. Botolo liri ndi kamwa laling'ono, cotero mpweya wolowa ucepa ndipo nsomba zibanika. Cotengera cabwino ndi cotambalala, osati cacitali. Thanki yagalasi ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 msinkhu ilowa madzi malita 54, ndiye kuti pafupi-fupi zigubu zitatu za malita 20. Yotere iri yabwino kuyambira.

Mmisiri wodula magalasi akhoza kuipanga ndi galasi la mamilimita 6, nalumikiza ndi silikoni yopanda mankhwala. Isanalowe m'nyumba iyenera kudzazidwa madzi pabwalo masiku awiri kuti aone ngati idontha. Amene alibe ndrama ya galasi angayambe ndi beseni lalikulu la pulasitiki latsopano.

Lita imodzi ya madzi ilemera kilogramu imodzi. Poonjezapo mcenga, miyala ndi galasi lomwe, thanki yotere ilemera kuposa thumba la feteleza la makilogramu 50. Cifukwa cace ifuna tebulo lolimba ndi losapendekeka, pamalo pamene ana aang'ono sangaikoke. Ikhale pamene pali kuwala, koma dzuwa lisaombe pa galasi tsiku lonse, pakuti madzi atentha ndipo ndere zimera msanga. M'mwezi wa October madzi ofunda asunga mpweya wocepa. M'miyezi ya June ndi July thanki isakhale pa khomo pamene palowa mphepo ya usiku.

KUKONGOLETSA

Pansi paikidwa mcenga waukulu wa kumtsinje wokwana masentimita 4 kapena 5, wocepa kutsogolo ndi wocuruka kumbuyo, kuti zinyalala zizitsikira kutsogolo kumene ziri zosabvuta kucotsa. Mcengawo utsukidwa kufikira madzi ace ayera, kenaka uthiridwa madzi owira.

Miyala yosalala itatu kapena isanu ya misinkhu yosiyana ioneka bwino koposa miyala yofanana yondandalikidwa ngati njerwa. Waukulu ukhale ca pambali, osati pakati peni-peni, ndipo ukhazikike kotero kuti sungagwere pa galasi. Mwala uli wonse uyesedwe ndi dontho la viniga: ukacita thobvu ndi wa laimu, ndipo usintha madzi, wotere ndi wosayenera nsomba za m'timitsinje. Kamphika kadothi kogonekedwa cammbali kakhala phanga lobisalamo. Nsomba zimene ziri ndi pobisala sizicita mantha, ndipo zituruka kawiri-kawiri kuposa zimene ziri pa mtetete. Zitsulo, ndrama zacitsulo, zinthu zopakidwa penti ndi mitengo yaiwisi siziyenera kulowamo.

Zomera zazitali zibzalidwa kumbuyo ndi m'mbali, zazifupi kutsogolo, ndipo pakati pasiyidwa bwalo losambiramo. Nsaru yakuda kapena pepala lobiriwira lomatidwa kunja kwa galasi lakumbuyo licititsa mawanga a nsomba kuoneka bwino. Pamwamba pafunika cibvundikiro cokhala ndi mpata wa mpweya, cifukwa matemba adumpha.

MADZI NDI KUDEKHA

Madzi a pa mpopi wa m'tauni ali ndi mankhwala a klorini amene aononga ziwalo zopumira za nsomba. Ayenera kukhala m'ndowa yosabvundikira usana ndi usiku asanathiridwe. Madzi a pa citsime cakuya kapena pa mjigo ali ndi mpweya wocepa, cotero akhutulidwe kucoka m'ndowa ina kunka m'ndowa ina kangapo. Pothira, mbale iikidwa pa mcenga kuti madzi asafukule zomera.

Apa ndi pamene ambiri alakwa: athira madzi lero, naikamo nsomba zonse lero lomwe. Zonyansa za nsomba ndi cakudya coola ziturutsa ciphe cochedwa amoniya. M'thanki yokhalitsa muli tizirombo tabwino tosaoneka ndi maso, tokhala pa mcenga ndi pa miyala, timene tisandutsa cipheco kukhala cakudya ca zomera. Tizirombo timeneti tifuna milungu 4 kufikira 6 kuti ticuruke. Cifukwa cace thanki ikhale ndi zomera zokha mlungu woyamba. Kenaka mulowe nsomba ziwiri. Zina zionjezedwe ziwiri-ziwiri pakapita milungu iwiri iri yonse. Akale anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Nsomba yatsopano siponyedwa m'thanki mwadzidzidzi. Thumba kapena botolo limene yabweramo liyandamitsidwa pamwamba mphindi 20, ndipo madzi a m'thanki athiridwamo pang'ono-pang'ono kuti izolowere.

NSOMBA ZITI, NDIPO ZINGATI

M'thanki ya malita 54 yopanda makina opopera mpweya, matemba aang'ono 6 akwana. Ayenda pamodzi, adya ciri conse, ndipo apirira kuzizira kwa kuno. M'masitoro a m'matauni mupezeka tinsomba tochedwa guppy, tocokera ku South America. Tamphongo tiri ndi micira yamawanga, ndipo tatikazi tibereka ana amoyo, osati mazira. Ticuruka msanga, cotero mwini wace aganiziretu kumene adzaika ana.

Mlamba suyenera, pakuti ukula msanga ndi kumeza anzace usiku. Nsomba zofiira zija za ku China zikula kuposa cikhato ca munthu ndipo zidetsa madzi kwambiri. Ana a nsomba za m'maiwe, za mtundu wa cambo, angasungidwe awiri kapena atatu kwa miyezi yocepa, koma akakula akumba mcenga, azula zomera ndi kumenyana.

Wofuna kugwira nsomba kumtsinje akumbukire kuti m'madera ambiri Boma litseka usodzi kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto a February kuti nsomba ziswane. Kuli bwino kufunsa kwa mlangizi wa za nsomba poyamba.

CAKUDYA NDI KUSAMALA

Nsomba za m'magalasi zambiri zifa ndi kudyetsedwa kopitirira, osati ndi njala. Cakudya cimene sicidyedwa citsikira pansi, ciola, citha mpweya ndi kuturutsa ciphe. Lamulo ndi ili: kamodzi kapena kawiri pa tsiku, cakudya cimene nsomba zingathe pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Gaga wosefa, ciswe, nyongolotsi zodulidwa ndi mphutsi za udzudzu ziri zabwino. Nsima ndi ndiwo zamafuta zibvunditsa madzi. Munthu mmodzi yekha m'banja akhale wodyetsa, cifukwa mwana ali yense akaponyamo kace, nsomba zidya kasanu.

Mlungu uli wonse gawo limodzi mwa magawo anai a madzi licotsedwa ndi kapaipi, pokoka zinyalala za pansi, ndipo madzi ogona athiridwa m'malo mwace. Madzi ocotsedwawo ndi manyowa abwino ku mbeu za m'dimba. Kutaya madzi onse ndi kutsuka mcenga wonse tsiku limodzi kupha tizirombo tabwino tija. Sopo asakhudze thanki, ndowa yace kapena kansaru kopukutira galasi.

Nthawi yabwino yoyang'ana nsomba ndi m'mamawa. Masana zomera ziturutsa mpweya, koma usiku nazo ziupuma, cotero mbandakuca ndi pamene mpweya ucepa koposa. Nsomba zikaoneka zikutsegula kamwa pamwamba pa madzi nthawi imeneyo, ndiye kuti zacuruka, kapena cakudya capitirira, kapena pali cimene caola. Mwini wace aleke kudyetsa tsiku limenelo, nasinthe gawo la madzi.

NGOZI ZITATU

Yoyamba ndi likodzo. Tizirombo tace tikulira mwa nkhono zina za m'madzi odikha, ndipo tilowa pa khungu la munthu woponda kapena wogwira madziwo. Zomera zotengedwa ku dambo ziyenera kuyang'anidwa tsamba ndi tsamba, kucotsa nkhono ndi mazira ace onga tinthu toterera, ndi kusungidwa m'ndowa yapadera milungu iwiri kuti nkhono zobisala zioneke. Nkhono za kumtsinje zisaikidwe m'thanki ngakhale imodzi. Madzi a kumtsinje opanda nkhono akakhala masiku awiri athunthu, tizirombo ta likodzo tifa. Mwana amene akodza magazi apite naye ku cipatala, kumene kuli mankhwala ochedwa praziquantel.

Yaciwiri ndi mankhwala ophera tizirombo. Mankhwala opopera thonje ndi ndiwo za m'dimba, ndiponso amene ali pa maukonde a udzudzu, apha nsomba ngakhale ali ocepa ndithu. Cigubu cimene munali mankhwala sicitungira madzi a nsomba, ngakhale citsukidwe kangati. Wocokera kopopera mbeu asapise dzanja m'thanki. Tsiku limene opopera nyumba a za malungo abwera, banja liwalandire monga mwa nthawi zonse, koma nsomba zisamutsidwe m'ndowa ndipo thanki iturutsidwe kapena ikulungidwe bwino.

Yacitatu ndi kutaya nsomba kapena zomera zacilendo mu mtsinje munthu akatopa nazo. Khoma la Kariba litatsekedwa mu December 1958, kaudzu koyandama kochedwa Salvinia, kocokera ku South America, kamene kanafalikira m'maiko ambiri ngati cokongoletsa maiwe, kanaswana pa nyanja yatsopanoyo kotero kuti pofika 1962 kanaphimba pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanjayo. Namasupuni naye, wocokera komweko, anabvutitsa asodzi ndi a magetsi pa mtsinje wa Kafue. Nsomba zosamutsidwa zinyamulanso matenda, monga nthenda ya zironda imene inagwira nsomba za m'Zambezi m'caka ca 2007. Zomera zotsala ziumitsidwe ndi kutenthedwa. Nsomba zosafunika zipatsidwe kwa mnansi kapena ku sukulu.

KUCOKA PA GALASI KUNKA KU DZIWE

Mwana amene wasunga matemba 6 amoyo caka cathunthu waphunzira zinthu zinai zimene mlimi wa nsomba ali yense ayenera kudziwa: kusapanikiza nsomba, kusapitiriza cakudya, kuyang'ana dziwe mbandakuca, ndi kuchinjiriza madzi ku mankhwala. Alangizi akanena kuti dziwe lilandire ana a nsomba awiri kapena atatu pa sikweya mita, iye sadzaonjeza mwa umbombo, pakuti anaona kale nsomba zikubanika.

Kusiyana kumodzi kuyenera kudziwika. M'galasi madzi afunika oyera, koma m'dziwe madzi obiriwira pang'ono ndiwo abwino, cifukwa kubiriwirako ndi tizomera tating'ono timene nsomba zidya. Mlimi ayesa pomiza mkono: cikhato cikabisika madzi atafika pa cigongono, manyowa akwana, cikabisika msanga koposa apo, aleke kuthira manyowa.

Likulu la Dipatimenti ya Nsomba liri ku Chilanga, ndipo ku Mwekera pafupi ndi Kitwe kuli malo ofufuza za kuweta nsomba. Koma mlimi sayenera kupita kutali, pakuti mlangizi wa za nsomba apezeka pa Boma la kwao. Makolo ndi aphunzitsi alimbikitse ana pa nchito imeneyi, ndipo mwana akabwera ndi matemba m'botolo mvula ikubwerayi, asangomuuza kuti adzafa. Amfunire cotengera cotambalala, amuonetse muyeso wa cakudya, ndipo m'mawa mwace adzuke naye kukaona ngati nsomba zipuma bwino.