Nkhono Zoŵeta: Kodi Zimaswana Liti?

Lero sindikamba za nkhuku kapena mbuzi ai. Ndikamba za chiŵeto chimene ambiri a ife sitinachionepo, ndicho nkhono za m'nyanja ya mchere. Si nkhono ija yoyenda ndi nyumba yake kumsana. Izi zili ndi zigoba ziŵiri zotseguka ndi kutsekeka ngati chitseko, ndipo zimakhala mu mchenga pansi pa madzi. Kumaiko ena nkhonozi ndi ndiwo zodula.

Ku Italy kuli mudzi wa asodzi wotchedwa Goro, pamene mtsinje wa Po umathira m'nyanja. Anthu akumeneko anayamba kuŵeta mtundu wina wa nkhonozi m'chaka cha 1986. Amafesa tiana ta nkhono pansi pa madzi monga momwe ife timafesera mbewu, nadikira kuti tikule. Tiana tikasoŵa, ndiye kuti munda wagona, ndalama palibe.

Nanga tianato timabadwa liti? Nkhono ilibe kalendala. Imamvera madzi. M'nyengo yozizira imangokhala phee. Madzi akayamba kufunda, kupitirira madigiri 10, mazira amayamba kukula m'thupi mwake. Akafunda kufika pafupifupi madigiri 20, zazikazi zimatulutsira mazira m'madzi, zazimuna nazo zimatulutsa mbewu yake, ndipo zimakumana momwemo. Inu amene muli ndi maiŵe a nsomba simungadabwe. Kodi makumba aja saleka kuswana m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi?

Koma kufunda kokha sikukwanira. Palinso za mchere. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu muli mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. Nkhonozi zimakondwa ngakhale mcherewo utachepako pang'ono, monga zimakhalira pamathiriro a mtsinje. Tsono mvula ikachuluka, mtsinje nusefukira, madzi amasukuluka kwambiri. Pamenepo nkhono imatseka zigoba zake kuti gwa! Ikatseka siidya, ndipo yosadya siingakhwimitse mazira. Zikapitirira masiku ambiri, zina zimafa, makamaka tiana.

Pofuna kuti asamangodalira nyengo, alimi ena ali ndi nyumba zoswetsera. Amasankha nkhono zonenepa, naziika m'mathanki a madzi ofunda bwino, a mchere woyeza. Amazidyetsa tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi kwa masabata angapo mpaka mazira atakhwima. Kenaka amazipusitsa. Amaziika m'madzi ozizira, kenaka m'madzi ofunda, mobwerezabwereza. Nkhono ija imayesa kuti nyengo yafika, basi n'kuyamba kutulutsa mazira. Yaikazi imodzi yokha ikhoza kutulutsa mazira opitirira miliyoni.

Koma ikakhala yosakhwima, kaya muisinthire madzi tsiku lonse, siitulutsa kanthu. Mwini wake amangoibwezera m'thanki kuti ikadyenso.