Acikulire Osunga Mudzi Wakale wa Nauvoo

Nkhani yathu ya lero icokera kutali, ku dziko la Amerika, ndipo ndi ya anthu okalamba. Munthu akagwira nchito zaka makumi anai, nalera ana, naona adzukulu, ambiri timati wafika pa nthawi ya kukhala pakhonde ndi kuothera dzuwa. Koma ulipo mudzi wina m'cigawo ca Illinois, m'mbali mwa mtsinje waukuru wa Mississippi, kumene acikulire otere amalawira m'mamawa, nabvala zobvala za makolo ao, napita kukasula zitsulo, kukaumba njerwa ndi kukayendetsa ngolo za akavalo, osalandira malipiro. Dzina la mudziwo ndi Nauvoo.

Acikulirewa ndi amishoni a Mpingo wa Yesu Kristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene anthu ambiri amaudziwa ndi dzina lakuti Amormoni. Mpingo umenewu umadziwika potuma anyamata ndi atsikana awiri-awiri kukalalikira, koma umatumanso mwamuna ndi mkazi wace amene anapuma pa nchito. Ena amadzipereka miyezi 6, ena caka cathunthu, ena miyezi 18 kapena 23. Ena mwa iwo satumidwa kukalalikira m'makomo iai, koma kukasunga malo akale a mpingo wao ndi kulandira alendo odzaona malowo.

Kuti timve bwino nchito yao, tiyambe tadziwa cimene cinacitika pa Nauvoo. M'caka ca 1839 anthu a mpingowu anafika pamalopo ali osauka, atapitikitsidwa ku cigawo ca Missouri. Anapeza kamudzi kochedwa Commerce, pa dambo la udzudzu, ndipo malungo anapha ambiri m'zaka zoyambazo. Anakumba ngalande naumitsa dambolo, ndipo mtsogoleri wao, Joseph Smith, anacha malowo Nauvoo, mau ocokera ku Cihebri onena za malo okongola. Anthu ena anadza kucokera ku Mangalande pa zombo, ndipo pasanathe zaka zisanu ndi ziwiri mudziwo unali ndi anthu ngati 12,000, nulingana ndi Chicago wa masiku amenewo. Koma udani ndi anansi ao unakula. Pa 27 June 1844 khamu la anthu amfuti linapha Joseph Smith ndi mkuru wace Hyrum m'ndende ya ku Carthage. Mu February 1846 anthuwo anayamba kuoloka mtsinje ndi ngolo zao, naloza kumadzulo, ulendo wa mailosi ngati 1,300, ndipo oyamba anafika ku cigwa ca Salt Lake mu July 1847, wowatsogolera ali Brigham Young. Kacisi amene anamusiya pa citunda anatenthedwa mu 1848, ndipo kabvumvulu anagwetsa khoma lace mu 1850.

Kwa zaka zoposa zana nyumba zakalezo zinali kugumuka. Nchito ya kuzikonzanso inayamba kweni-kweni mu 1962, ndipo kacisi anamangidwanso pa malo ace omwe, napatulidwa mu 2002. Lero mudziwo uli ndi anthu osapitirira 1,000, koma alendo odzauona ndi ocuruka ndithu, makamaka m'miyezi ya June, July ndi August, imene ndiyo ya kutentha kumeneko.

Tsono tiyeni titsate banja limodzi tsiku lathunthu. Amadzuka kusanace bwino, napemphera ndi kuwerenga malembo pamodzi m'kanyumba kamene mpingo unawapatsa kukhalamo. Atadya, amabvala. Mai amabvala diresi lalitali lofika m'mapazi ndi epuloni. Bambo amabvala malaya a manja aatali, buluku wa malamba a pamapewa ndi cipewa, monga anabvalira amuna a mu 1840. Pacifuwa pa yense pali kacikwangwani kakuda kolembedwa dzina lace. Mwamuna amachedwa Elder, ndiko kuti Mkuru, ndipo mkazi amachedwa Sister, ndiko kuti Mlongo. Munthu amene kwao anali dotolo, kapena mphunzitsi wamkuru, kapena mwini munda waukuru, pano dzina lace la nchito limatsala kunyumba.

Asanaturuke amayang'ana pepala lonena kumene agwire tsiku limenelo, pakuti sakhala pa nyumba imodzi masiku onse. Lero ali ku nyumba ya wosoka nsapato, mawa ku nyumba yosindikizira, mkuja ku nyumba yophikira mikate. Masiku ena mwamuna ndi mkazi amatumidwa pamodzi, masiku ena padera. Cotero munthu wa zaka 70 ayenera kusunga pamtima mbiri ya nyumba zambiri, maina a eni ace, ndi zaka zace, monga mwana wa sukulu wokonzekera mayeso. Masabata oyamba ndiwo obvuta, ndipo ambiri amakhala usiku ndi mapepala m'manja, wina kufunsa, wina kuyankha.

Nyumba imene ana amaikonda koposa ndi ya osula zitsulo, imene inali ya abale a banja la Webb. Pamenepo mkuru amakoleza makala, napopa mvukuto, naonetsa m'mene ngolo za ulendo uja zinapangidwira. Gudumu la ngolo linali la mtengo, ndipo cimene cinaligwira pamodzi ndi mkombero wacitsulo. Wosula ankapanga mkomberowo wocepa pang'ono kuposa gudumu. Akauocha pamoto unkakula, nalowa; akauthira madzi unkabwerera, nufinya matabwa onse kuti asagwedezeke. Mkuruyo amaonetsanso nsapato zacitsulo za ng'ombe. Kavalo amabvala citsulo cimodzi pa phazi, koma ng'ombe, popeza ciboda cace ncogawika, imabvala ziwiri pa phazi liri lonse. Ndiponso ng'ombe siikhoza kuima nthawi yaitali ndi miyendo itatu monga kavalo, cotero ankaikoleka ndi malamba m'cimango ca mitengo kuti aikhomere. Alendo ambiri ocokera m'mizinda sanagwirepo ng'ombe cibadwire, ndipo amamva zimenezi kukamwa kuli yasa.

Ku nyumba yosindikizira, kumene John Taylor ankaturutsa nyuzipepala ya mpingo yochedwa Times and Seasons, mlongo amatola zilembo zacitsulo cimodzi-cimodzi, naziika cobwerera, kuti pa pepala zioneke zolunjika. Kwina amapota zingwe ndi kupanga makandulo. Ku nyumba ya Jonathan Browning amaonetsa m'mene ankasulira mfuti. Ndiye atate wa John Moses Browning, amene mfuti zace zinadziwika pa dziko lonse. Amuna amene anakulira m'minda amapatsidwa akavalo. Awa ndiwo oyamba kudzuka, cifukwa nyama ziyenera kudya, kupesedwa ndi kumangidwa zingwe alendo asanafike. Ndipo alipo ena amene mlendo sawaona konse: opaka utoto, osamala maluwa, okonza madenga, ndi amai osoka zobvala zimene anzao abvala. Nyumba ya njerwa ya zaka zoposa 170 siileka kufuna manja.

Kutentha kwa miyezi imeneyo nkwa cinyontho, ndipo diresi lalitali silithandiza. Pali masiku ena pamene tizirombo touluka timaturuka mumtsinje unyinji, tosonkhana pa nyali usiku, kotero kuti m'mawa nchito yoyamba ndi kusesa. Miyendo imatupa ndi kuimirira, ndipo makwerero a nyumba zakale ndi opapatiza kwa munthu wa maondo okalamba.

Komatu ine ndiyesa kuti cobvuta ceni-ceni sindico kutopa kwa thupi. Ndi ici, cakuti mbiri imodzi-modzi iyenera kunenedwa kambiri pa tsiku. Gulu likaturuka, lina liri pakhomo. Mau amene m'mawa anaturuka mumtima, pofika madzulo akhoza kungoturuka pakamwa pokha. Koma mlendo wolowa madzuloyo wayenda mailosi mazana, ndipo mwina sadzabweranso moyo wace wonse. Kwa iye mbiriyo ndi yatsopano. Mwinanso agogo a agogo ace anaumba njerwa za nyumba imeneyo, kapena anaika mwana m'manda a pafupi. Wosunga nyumba waluso amayamba wafunsa mlendo kumene acokera ndi cimene cinamudzetsa, ndipo akamva, amadziwa pofulumira ndi pofatsa. Pamenepa ukalamba umathandiza. Mai amene anaikapo mwana wace akamanena za amai a mu 1840 amene anataya makanda ndi malungo, sanena monga wowerenga buku.

Palinso mafunso olemera, pakuti alendo onse sali a mpingowo, ndipo mbiri ya Nauvoo siiri ya kuzunzidwa kokha. Pa Nauvoo pomwepo Joseph Smith anaphunzitsa mitala mobisa kwa anthu owerengeka, nakwatira iye mwini akazi ambiri. Ena amene anali atsogoleri pamodzi naye anakana ciphunzitsoco, ndipo pa 7 June 1844 anasindikiza nyuzipepala yochedwa Nauvoo Expositor kumutsutsa. Patapita masiku atatu, bungwe la mzinda, Joseph Smith ali meya wace, linalamula kuti makina aja aphwanyidwe. Mlandu umenewo ndiwo unamufikitsa ku Carthage. Mpingo unalengeza za kuleka mitala mu 1890, koma mlendo wodziwa mbiri amafunsabe, ndipo ali nako kuyenera kufunsa. Wokalamba wobvala cipewa uja akhoza kuzemba funso, nathamangira ku nkhani ya njerwa. Akhozanso kubvomera cimene cinacitika, nanena cikhulupiriro cace pambuyo. Woyambayo amasunga nyumba yokha. Mlendo amazindikira msanga ngati alikumubisira kanthu, ndipo akazindikira sakhulupiranso ngakhale zoona zimene anamuuza poyamba.

Mafunso otere acuruka tsopano cifukwa ca cinthu cina. Pamene anthu anaoloka mtsinje mu 1846, Emma, mkazi wamasiye wa Joseph Smith, sanapite nao. Anatsala pa Nauvoo ndi ana ace kufikira imfa yace mu 1879, ndipo mwana wace anatsogolera mpingo wina, umene lero uchedwa Community of Christ. Mpingo umenewo ndiwo unasunga nyumba za banja la Smith zaka zambiri, pamodzi ndi sitolo ya njerwa zofiira yomangidwanso pa malo pamene bungwe la amai la Relief Society linayambira pa 17 March 1842. Mu March 2024 unagulitsa nyumbazo kwa mpingo wa ku Salt Lake. Cotero amishoni a mpingo wa amene anacoka ndiwo tsopano aimirira m'nyumba ya mai amene anakana kucoka, ndipo ayenera kunena mbiri yace mwaulemu ndi moona.

Nanga mtengo wace kwa iwo eni ngotani? Ndalama za cakudya ndi za nyumba amaturutsa okha, pa penshoni yao kapena pa zimene anasunga. Nyumba yao ya kwao amaitseka kapena kuisiyira mwana. Amishoni acikulire ali ndi ufulu woposa wa anyamata: amalankhula ndi ana ao pa lamya pamene afuna, amapuma akatopa, ndipo abale akhoza kudzawaona. Koma lamya siinyamula khanda. Mdzukulu amabadwa, wina amakwatiwa, mbale amadwala, iwo ali kutali. Ndipo pali cina cimene mabanja ambiri sanacizolowere. Kwa zaka makumi anai bambo anali kucoka m'mawa ndi kubwera madzulo, mai ali ndi zace. Tsopano ali pamodzi usana ndi usiku, m'zipinda ziwiri, nagawana nkhani imodzi pamaso pa alendo, wina kuyamba wina kutsiriza. Bambo akaphonya caka, mai amadziwa. Ndipo nzeru ya kumukonza popanda kumucititsa manyazi pamaso pa anthu siiphunziridwa tsiku limodzi.

Tsiku limodzi pa sabata ndi lao. Amacapa, amalemba makalata, amapita ku Keokuk kapena ku Fort Madison, tsidya lija la mtsinje, kukagula zofunika, popeza Nauvoo ndi wocepa. Ambiri amakwera citunda kukapemphera m'kacisi.

Nyengo ya cisanu ikafika mudzi umakhala zii. Madzi a m'mbali mwa mtsinje amaundana, ndipo banja likhoza kukhala m'nyumba yakale tsiku lonse osalandira mlendo ndi mmodzi yemwe. Mai amaluka, bambo amawerenga, khutu liri ku citseko. Kuciyambi kwa February amishoni ndi alendo amasonkhana, nayenda pansi ndi ngolo kutsika mseu wa Parley kufikira pa gombe pamene ngolo zoyamba zinaolokera pa 4 February 1846. M'mbali mwa mseuwo muli zikwangwani zolembedwa mau a anthu amene anadutsamo. Pofika pa madzi munthu akaceuka amaona kacisi pa citunda, monga anamuonera iwo aja.

Miyezi yao ikatha amabweza makiyi, nalongedza katundu m'galimoto. Kanyumba kao kamasesedwa, ndipo pasanapite masiku ambiri mumalowa banja lina, ndi mapepala omwe aja oti liyambe kuloweza.