Tiziteteza Mano Athu Asanafike Pozulidwa

Lero tikambirana za kubooka kwa mano, ndi za mankhwala opha tizirombo timene timaononga mano.

Ambiri mwa ife timapita ku chipatala dzino litatupitsa kale tsaya, tagona masiku atatu osapeza tulo. Pamenepo sing'anga wa mano alibenso chochita koma kulizula. Komatu dzino silibooka tsiku limodzi. Limayamba pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, ndipo nthawi yonseyo likhoza kupulumutsidwa.

Chimaboola dzino n'chiyani?

Ena amati m'dzino mwalowa kambozi kamene kakufukula. M'dzino mulibe mbozi. Muli tizirombo tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa mabakiteriya. Kachirombo kodziwika kwambiri pa gulu limeneli ndi Streptococcus mutans, kamene katswiri wina wa ku England, J. K. Clarke, anakapatsa dzinali m'chaka cha 1924. Tizirombo timeneti timakhala m'litsiro loyera lonanda limene limamatirira pa mano, makamaka m'mphepete mwa nkhama ndi m'mipata.

Chakudya chake ndi shuga. Tikamwa tiyi wa shuga wambiri, tikadya masiwiti, mabisiketi kapena kumwa zoziziritsa kukhosi, tizirombo timadya nawo shugayo ndi kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chikamba cholimba cha kunja kwa dzino kwa theka la ola kapena kupitirira. Malovu amayesa kukonza poonongekapo, koma ngati munthu angodyadya zotsekemera tsiku lonse, malovu amalephera, ndipo dzino limabooka.

Nchifukwa chake tiyenera kuchenjera m'nyengo yogulitsa fodya. Mabelo akapita ku msika wa Chinkhoma ndalama n'kulowa pakhomo, ana amalandira masiwiti ndi zakumwa zotsekemera tsiku ndi tsiku. Kusangalatsa ana sikulakwa, koma ndi bwino kuwapatsa zimenezi pa nthawi ya chakudya, osati kuti azinyambita kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu angachite bwino kwambiri atamadya shuga wosapitirira masupuni aang'ono 6 pa tsiku. Tiwerenge masupuni amene timathira m'kapu imodzi ya tiyi.

Mankhwala amene amathandiza

1. *Mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride.* Awa ndiwo oyamba, ndipo ndi a tsiku ndi tsiku. Fluoride amalimbitsa chikamba cha dzino ndi kufooketsa tizirombo kuti tisatulutse asidi wambiri. Pogula werengani pa chubu: payenera kulembedwa fluoride wa 1000 mpaka 1500 ppm. Tsukani kawiri pa tsiku, kamodzi kakhale usiku pogona. Mukatsuka lavulani, koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwala atsalire pa mano. Mwana wosakwana zaka 3 mumuikire pang'ono ngati kambewu ka mpunga. Wa zaka 3 mpaka 6, ngati kambewu ka nandolo. Amene alibe mswachi wa ku sitolo agwiritse ntchito mswachi wa mtengo, asangokhala. Makala, phulusa ndi mchenga zimapala mano, choncho tizipewe.

2. *Chlorhexidine.* Awa ndi mankhwala amadzi ochukucha m'kamwa, amene amapha tizirombo ndi kuchepetsa litsiro lomata. Amathandiza nkhama zikatupa kapena zikamatuluka magazi, ndiponso pamene munthu sangathe kutsuka bwino chifukwa cha chilonda cha m'kamwa. Ndi ochukucha ndi kulavula, osameza, ndipo si a ana aang'ono. Amagwiritsidwa ntchito masiku owerengeka monga wanenera wachipatala, chifukwa akapitirira amadetsa mano ndi lilime. Tizirombo timabwereranso mankhwala akatha, kotero chlorhexidine payekha sangaletse mano kubooka.

3. *Silver diamine fluoride, mwachidule SDF.* Awa amapaka ndi wachipatala yekha. Amadonthezera pang'ono pobooka, popanda jakisoni ndi popanda makina oboolera. Siliva amapha tizirombo, fluoride amalimbitsa pamene panafewa, ndipo kubookako kumaima. Ku Japan anayamba kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 1970. M'chaka cha 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka m'dziko lililonse. Makolo adziwiretu kuti pamalo pobookapo pamada bii, ndipo kudako sikuchoka. Kuda kumeneko ndi chizindikiro chakuti mankhwala agwira ntchito. Kawirikawiri amafunika kupakanso pakapita miyezi 6 kapena chaka. Koma ngati kubooka kwafika mkati mwa dzino, ndipo likupweteka usiku kapena kutuluka mafinya, SDF sangathandize. Mmera mpoyamba.

Zoyenera kupewa

Dzino likawawa, ena amaika pobookapo fodya wopera, asipirini, palafini, ngakhale madzi a m'batire. Zimenezi zimaotcha nkhama, ndipo zina ndi poizoni. Fodya woika m'kamwa kapena wosuta amaononga nkhama ndiponso amayambitsa khansa ya m'kamwa. Makapisozi ogula pa msika sachiza dzino lobooka. Tsaya likatupa, thupi n'kutentha, kapena munthu akamalephera kuyasama ndi kumeza, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a dzino akafalikira ku khosi amapha.

Amayi ndi agogo, tizirombo timeneti mwana sabadwa nato. Amatitenga m'malovu a akuluakulu, pomutafunira chakudya kapena ponyambita supuni yake. Yambani kutsuka mano a mwana dzino loyamba likangomera, pa miyezi 6 kapena chapompo. Tisamati mano oyamba adzaguluka okha: mwana wa dzino lowawa sadya bwino ndipo amajomba ku sukulu. Komanso pa zaka 6 kumbuyo kumamera mano a chibwano osaguluka, amene ambiri timawayesa oyamba.

Udindo wathu ngati nzika

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili gawo la Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. M'chaka cha 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa, imene imaika patsogolo kupewa matenda. Ndondomeko yolembedwa pa pepala siyenda yokha kubwera kumudzi. Tiyenera kuifunsa ndife.

Mukapita ku chipatala cha Kaluluma, cha Nkhamenya kapena chachikulu cha pa boma ku Kasungu, funsani mwaulemu: kodi dzino ili lingapulumuke osazula? Kodi mankhwala opaka alipo? Ngati palibe, nkhaniyo ipite ku komiti ya pa chipatala, ku VDC ndi ku ADC, kuti ikafike ku khonsolo ya boma. Tipemphenso kuti achipatala aziyendera sukulu zathu kukaona mano a ana. Kufunsa zimenezi si mwano. Ndi ufulu wathu.

Mafunso okambirana m'mphakati

1. Ndi anthu angati pakhomo panu amene anazulitsa dzino chaka chathachi? Anapita ku chipatala patapita masiku angati chiyambire kumva kuwawa?
2. Pa ndalama za fodya kapena za mbewu zina, ndi zingati zimene tingapatule kuti mswachi ndi mankhwala otsukira mano zisasowe chaka chonse?
3. Ndani mwa ife adzapereke nkhaniyi ku msonkhano wa VDC ukubwerawu?

Usiku uno ana asanagone, aliyense aone m'kamwa mwa mwana wake ndi tochi. Mukaona kadontho koyera ngati choko, kofiirira kapena kakuda pa dzino, musadikire kuti liyambe kuwawa. Pitani naye ku chipatala sabata lomwe lino.