KUSANKHA MAIKOLOFONI YOJAMBULIRA NYIMBO PAKHOMO

 Nkhani yathu ya lero ikukhudza makamaka anyamata ndi atsikana oimba, atsogoleri a makwaya m'mipingo, aphunzitsi, ndiponso makolo amene ana ao akhala akuwaumiriza kuti awagulire zipangizo zojambulira mau.

Ndiyambe ndi zimene zinachitika kuno ku ntchito miyezi ingapo yapitayo. Kunafika bambo wina, mtsogoleri wa kwaya ya kumudzi, atanyamula kabokosi m'chikwama. A kwayawo anali atalima munda wa mtedza, ndipo atagulitsa anatenga ndalama zonse nagulira maikolofoni imodzi yoti ajambulire nyimbo zao. Atafika nayo kwao anailumikiza ku makina okuzira mau a m'tchalitchi, koma inangoti zii. Bamboyo anandiuza mwachisoni kuti, "Achimwene, atigulitsa chinthu chakufa." Ine ndinailumikiza ku makina athu, ndi kukanikiza kabatani kamodzi kokha, ndipo nthawi yomweyo mau anayamba kumveka. Maikolofoniyo inali yamoyo ndiponso yabwino ndithu. Chimene inkasowa ndi magetsi ake apadera, amene makina a kutchalitchi kwao sanali kupereka. Wogulitsa sanawauze zimenezi, ndipo iwonso sanafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kwaya ija inayenera kudikira dzinja lina kuti ipeze ndalama zogulira chipangizo chotsalacho.

Makolo athu akukumbukira kuti wailesi ya dziko lino itayamba mu 1964, kwa zaka zambiri woimba wofuna kuti mau ake ajambulidwe ankayenera kukwera basi kupita ku Blantyre, kapena kudikira kuti ojambula a wailesi afike m'boma lake. Masiku ano munthu akhoza kujambula nyimbo m'chipinda chogona, pokhala ali ndi kompyuta. Komabe khomo lolowera mau m'kompyutamo ndi maikolofoni, ndipo mau akaonongeka pakhomopo, kuwakonza pambuyo pake nkovuta zedi.

Pali mitundu iwiri ya mamaikolofoni imene mudzakumana nayo kawirikawiri m'masitolo. Woyamba ndi wa dayinamiki, umene timauona m'manja mwa alaliki ndi oimba pa misonkhano. M'kati mwake muli kanembanemba komangiriridwa ku waya wokulunga, ndipo wayayo ali pakati pa maginito. Mau akagwedeza kanembanembako, waya amayenda m'maginito muja ndi kubala magetsi pang'ono. Mtundu umenewu ndi wolimba, sufuna magetsi ochokera kwina, ndipo sugwira msanga timau tapansipansi. Chitsanzo chodziwika ndi Shure SM58, imene inatuluka mu 1966 ndipo ikupangidwabe.

Mtundu wachiwiri ndi wa kondensa, umene ndiwo mutu wa nkhani yathu. Anaupanga koyamba E. C. Wente ku America mu 1916, ndipo Georg Neumann, amene anatsegula kampani yake ku Berlin mu 1928, anaufalitsa m'nyumba za wailesi. M'kati mwake muli kanembanemba kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kokungidwa ngati chikopa cha ng'oma, kutsogolo kwa kachitsulo kosayenda. Ziwirizi sizikhudzana, koma pakati pake pamaikidwa mphamvu ya magetsi. Mau akafika, kanembanemba kamayandikira ndi kutalikira kachitsulo kaja, ndipo kusintha kwa mpatawo ndiko kumasanduka magetsi onyamula mau. Popeza kanembanembaka sikanyamula waya wolemera, kamamva msanga: kupuma kwa woimba, chala chikamatsetsereka pa nsambo ya gitala, ngakhale kunjenjemera kwa mau a munthu wokalamba. Mu 1962 Gerhard Sessler ndi James West anapeza njira yosungira mphamvu ya magetsi m'kapulasitiki kapadera kotchedwa electret, ndipo njira imeneyi ndiyo inatsitsa mtengo wa makondensa. Kamaikolofoni ka m'foni yanu ndi mdzukulu wa nzeru zomwezi.

Tsopano tibwerere kwa bambo wa kwaya uja. Kondensa yojambulira m'situdiyo imafuna magetsi okwana mavolti 48, amene amatchedwa phantom power. Magetsiwa amayenda m'chingwe chomwecho chonyamula mau, chingwe cha mano atatu chotchedwa XLR. Kampani ya Neumann inayambitsa njira imeneyi mu 1966 pogwira ntchito ndi wailesi ya ku Norway. Kompyuta payokha siingapereke magetsi amenewa kudzera pa kabowo kolowetsera mahedifoni. Pamafunika kabokosi kotchedwa audio interface, kamene kamakhala pakati pa maikolofoni ndi kompyuta, kapena mikisa yokhala ndi batani lolembedwa 48V. Motero lamulo loyamba ndi ili: musanagule kondensa, dziwani kumene mudzatenge mavolti 48.

Pali makondensa ena amene amalowa molunjika m'kompyuta pa chingwe cha USB, ndipo safuna kabokosi kaja chifukwa kanamangidwira kale m'kati mwake. Kwa mphunzitsi wojambula maphunziro, wolakatula ndakatulo, kapena mlaliki, mtundu umenewu ndi wokwanira ndiponso wosavuta. Koma woimba aganize kawiri. Tsiku limene adzafune kujambula mau ndi gitala nthawi imodzi pa mamaikolofoni awiri, adzapeza kuti ya USB siilola mnzake mosavuta, ndipo kachipangizo kamodzi ka m'kati kakafa, zonse zafera limodzi.

Chachiwiri choyenera kuona ndi mbali imene maikolofoni imamvera. Papepala la m'bokosi funani liu lakuti cardioid, limene likutanthauza kuti chithunzi cha kamvedwe kake chimafanana ndi mtima. Yotere imamva bwino kutsogolo, pang'ono m'mbali, ndipo kumbuyo imakhala ngati yogontha. Zimenezi nzothandiza pakhomo, chifukwa mukhoza kulozetsa msana wake ku zenera kumene kukuchokera phokoso la msewu. Dziwaninso kuti makondensa ambiri akuluakulu amamvera m'mbali mwa mutu, kumene kuli chizindikiro cha kampani, osati pamwamba. Ndaonapo anyamata ambiri akuimbira pansonga ngati akuimba pa msonkhano, kenaka nkumadandaula kuti mau akumveka ngati ali m'mtsuko.

Chachitatu ndi kukula kwa kanembanemba. Kakakulu kamakhala pafupifupi mamilimita 25, ndipo kamakometsa mau a munthu mmodzi. Kakang'ono kamakhala pafupifupi theka la pamenepo, ndipo kamachita bwino pa gitala, malimba, mangolongondo ndi makwaya. Apa mpamene pali msampha. M'misika mwadzaza mamaikolofoni onyezimira ngati golide, a thupi lalikulu ndi mtengo wotsika modabwitsa. Mukawatsegula mumapeza kachipangizo kochepa ngati batani la malaya, ndipo kwina konseko ndi chitini chopanda kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwezani mutu wa maikolofoni poyang'anana ndi kuwala, ndipo mudzaona nokha kukula kwa chimene chili m'katimo.

Chachinayi ndi phokoso la maikolofoni yeniyeniyo. Kondensa iliyonse imatulutsa kamkokomo kakuti sii ngakhale m'chipinda muli chete. Opanga okhulupirika amalemba muyeso wake m'madesibelo, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti chipangizocho nchabata. Audio-Technica AT2020, imene inatuluka mu 2004 ndipo kwa zaka zambiri yakhala ikugulitsidwa pafupifupi madola 100 ku America, ili ndi madesibelo 20. Rode NT1-A ya ku Australia, imene mtengo wake ndi wokwererapo, ili ndi madesibelo 5 okha. Kwa woimba wa mau amphamvu amene waima pafupi, madesibelo 20 sadetsa nkhawa. Kwa wojambula nthano za agogo olankhula motsitsa, nambala yocheperapo ndiyo yabwino. Ngati pa bokosi sanalembepo nambala imeneyi nkomwe, chenjerani. Palinso ena otsika mtengo monga Samson C01, MXL 990 ndi Behringer C-1. Sindikutchula maina amenewa pofuna kutsatsa malonda a munthu, koma kuti mukhale ndi poyerekezera. Neumann U 87, imene inayamba kupangidwa mu 1967 ndipo imapezeka m'masitudiyo akuluakulu, imapitirira madola 3,000. Munthu akakuonetsani yolembedwa dzina lotere pa mtengo wa thumba la feteleza, dziwani kuti ndi yachinyengo.

Tsono ndinene chinthu chimene ogulitsa sakonda kunena. Walira mvula walira matope. Kumva msanga kumene timaitamandira kondensa ndiko kumene kumagwiranso tambala wa a neba, chigayo cha pa mphambano, njinga zamoto, ndi mvula pa malata. Imagwiranso mau obwerera kuchokera ku zipupa za njerwa ndi pansi pa simenti. Maikolofoni ya mtengo wapatali m'chipinda chopanda kanthu imaipa kuposa yotsika mtengo m'chipinda chokonzedwa bwino. Mwamwayi, kukonza chipinda sikufuna ndalama zambiri. Pachikani mabulangete okhuthala kumbuyo kwa woimba, imikani matiresi pa ngodya, yalani mkeka ndi zitenje pansi, ndipo ngati muli ndi kabati ya zovala itseguleni. Mathireyi a mazira amene ambiri amakhoma m'zipupa satsekereza phokoso lakunja, ndipo amagwira moto msanga. Sankhaninso nthawi: usiku kwambiri kapena mbandakucha atambala asanayambe. Ngati nyumba yanu ili pafupi ndi msika kapena msewu waukulu, musachite manyazi kugula ya dayinamiki. Mau ambiri a Michael Jackson m'chimbale cha Thriller cha mu 1982 anajambulidwa ndi ya dayinamiki, Shure SM7.

Kaimidwe ka woimba nakonso nkofunika. Pakamwa pakhale masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa maikolofoni, kumene kuli ngati kutalika kwa dzanja lotambasula. Mukatalikira kawiri, mphamvu ya mau anu imatsika ndi madesibelo 6, pamene phokoso la m'chipinda limakhala chimodzimodzi. Mukayandikira kwambiri, mau amanenepa mopitirira, ndipo zilembo monga p ndi ph zimaphulika ngati mfuti. Mankhwala ake ndi sefa yoika pakati, imene mungapange nokha pokunga sokosi yopyapyala ya nayiloni pa waya wopindidwa mozungulira. A kwaya aimike maikolofoni mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwa oimba, pamwamba pang'ono pa mitu yao, kuti a mzere woyamba asaphimbe anzao.

Pa za ndalama, uphungu wanga ndi wakuti mulembe zonse pa pepala musanachoke pakhomo: maikolofoni, kabokosi kopereka mavolti 48, chingwe cha XLR, choimikira, ndi mahedifoni otseka makutu. Ine ndimalangiza kuti maikolofoni isadye koposa theka la ndalama zonsezo. Mukafika m'sitolo, kaya ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pemphani kuti ailumikize inu mukuona. Valani mahedifoni, yambani mwakhala chete kuti mumve kamkokomo kake, kenaka nenani mau monga phala, pepala, tsabola ndi sukulu. Gwedezani chingwe pang'ono kuti muone ngati chikuthetheka. Tengani lisiti, ndipo funsani ngati angalole kubweza. Mukatuma mbale amene ali ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, mulembereni dzina ndi nambala yake yeniyeni, osangoti "mundigulire maiki yabwino." Yogwiritsidwapo kale ntchito siyoipa, malinga mwaiyesa.

Mukagula, isamaleni. Mdani wamkulu wa kondensa ndi chinyezi, makamaka m'miyezi ya mvula ndiponso kwa inu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Mulanje ndi Thyolo. Chinyezi chikalowa pakati pa kanembanemba ndi kachitsulo kaja, mumamva kuthetheka ngati chimanga chokazinga. Mukamaliza ntchito ibwezereni m'bokosi pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Musaiuzire mpweya kapena kuigogoda poyesa ngati ikugwira ntchito, ingolankhulani. Zimitsani batani la 48V ndi kutsitsa mau musanalumikize kapena kuzula chingwe. Ndipo mukamva kulira kwapansi kosalekeza kwakuti mmm, yesani kuzula kompyuta ya m'manja ku magetsi a pakhoma kuti iyendere batire, pakuti nthawi zambiri kulirako kumachokera kumeneko.

Pamene ndinali ku koleji ya uphunzitsi, mphunzitsi wathu wina ankakonda kutikumbutsa kuti choko chatsopano sichikonza phunziro losakonzekera. Chimodzimodzi ndi kujambula. Kondensa imanena zoona zokhazokha: gitala yosachunidwa idzamveka yosachunidwa, ndipo woimba amene sanaloweze mau ake adzamveka akukayika. Bambo wa kwaya uja anabweranso mwezi wathawu ali ndi nyimbo zisanu ndi imodzi zimene anajambula m'tchalitchi mwao usiku, atapachika mabulangete a anthu a mumpingo m'mazenera onse. Nthawi yodikira ija anaigwiritsa ntchito pophunzira nyimbozo bwinobwino, ndipo ziwiri mwa izo mudzazimva pa wailesi ino posachedwa.

Amene muli ndi mafunso tilembereni makalata, ndipo musaiwale kutchula zipangizo zimene muli nazo kale ndi mtundu wa nyumba imene mukujambuliramo, kuti tikuyankheni moyenera. Sabata ya mawa pa nthawi ngati yomwe ino tidzakambirana za kabokosi kopereka magetsi kaja ndi m'mene tingakasankhire.