Musanasaine kontrakiti ya mpira



Sabata yatha tinatsutsana za mnzathu uja wosewera kutsogolo amene waitanidwa ndi timu ina ya ku Blantyre. Ambiri munkati asaine msanga mwayi usamudutse. Ine ndikuti dikirani kaye, pepala limenelo limamanga munthu kwa zaka.

Mukukumbukira Neymar? Mu 2017 anachoka ku Barcelona kupita ku PSG pa mayuro 222 miliyoni. Barcelona sinkafuna kumugulitsa ayi. Koma m'kontrakiti yake munalembedwa mtengo woti ukalipiridwa, iye ndi mfulu. Ndalama zitaperekedwa, timu inangoyang'ana. Ndiye funso loyamba ndi limeneli: pepala lako likuti ukafuna kuchoka zimatha bwanji? Nanga iwowo akafuna kukusiya?

Pa funso lachiwirili ndinadabwa nditawerenga za hockey ya pa ayisi, masewera omwe sitidzawaona pa Kalulu Stadium ndi kutentha kwathu kuno. Ligi yawo ya NHL, ku America ndi Canada, sinasewere sizoni yonse ya 2004-05 chifukwa eni matimu ndi osewera anakangana pa malipiro. Mapeto ake anaika malire a ndalama zomwe timu ingawonongere osewera ake onse, madola 39 miliyoni chaka choyamba. Timu ikatopa ndi wosewera imagula kontrakiti yake: wa zaka 26 kupita m'mwamba amalandira magawo awiri mwa atatu a ndalama zotsala, wamng'ono gawo limodzi mwa atatu, ndipo amazilipira pang'onopang'ono. Ngakhale akuchotse, sumapita chimanjamanja.

Ife kuno tili pansi pa FAM, ndipo FAM imatsata malamulo a FIFA. Wosakwana zaka 18 sangasaine kontrakiti yopitirira zaka zitatu, wamkulu zaka zisanu. Timu ikapanda kukulipira miyezi iwiri, ulembe kalata yowapatsa masiku 15. Akalephera, uli ndi chifukwa chomveka chothetsera mgwirizano. Kalata, osati kudandaula pa WhatsApp. Koma ukangothawa wekha popanda chifukwa, ukhoza kulipitsidwa ndalama n'kuletsedwanso kusewera miyezi inayi.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Wosewera akagulitsidwa kunja kwa dziko, monga anzathu amapitira ku South Africa, 5 peresenti ya mtengo wake imagawidwa kwa matimu omwe anamulera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma timuyo iyenera kukhala yodziwika ku bungwe, ndipo mwanayo anachita kulembedwa. Matimu athu a m'mabonanza ku Ngabu, Bangula ndi Nchalo timangolemba maina m'kope la aphunzitsi a timu, lomwenso madzi osefukira akabwera limapita. Mwana akadzatchuka, umboni woti anakulira kwa ife tiutenga kuti? A komiti, nkhani imeneyi ndi yanu.

Kwa iwe mnzanga amene waitanidwa: uwapemphe pepalalo ubwere nalo kumudzi, usasainire m'galimoto. Malume ako aliwerenge, ndipo kope limodzi losainidwa likhale lako. Uwonetsetse kuti malipiro a pamwezi, ndalama yosainira, malo ogona ndi za chipatala ukavulala zalembedwa, osati zongolonjeza pakamwa. Loweruka tikatha maphunziro a mpira tidzakhale pansi pa mtengo paja tiliwerenge limodzi mzere ndi mzere.