WOSANKHA NDANI, MUNTHU KAPENA CIKONGA?

Nkhani yolankhulidwa kwa alimi a fodya ndi eni mabanja

Pamene alimi a kuno Kum'mawa amva kuti Boma liri ndi malamulo a kasutidwe ka fodya, ambiri amayankha kuti munthu wamkuru ali ndi nzeru zace, ndarama ndi zace, cifuwa naco ndi cace, tsono Boma liloweramo bwanji? Mau amenewa sali opusa. Koma asanabvomerezedwe, nkwabwino kufunsa kuti munthu wamkuruyo anasankha liti kusuta, ndipo anali wa msinkhu wotani tsiku limenelo.

Osuta ambiri sanayambe ali akuru. Anayamba ali anyamata, kubusa kapena pa njira ya ku sukulu, ena powatuma akuru kuti akayatse ndudu pa moto. Ndudu yoyamba sikoma. Imatsokomoletsa, imacititsa cizwezwe, ndipo mnyamata amaipirira cabe kuti anzace asamuseke. Pa tsikulo saganiza za matenda amene angadze patapita zaka 30, pakuti kwa mwana wa zaka 14 caka ca mawa comwe ciri kutali.

Zotsatira zace zimacokera ku cikonga, mankhwala amene ali m'tsamba la fodya, amene Azungu amati nicotine. Munthu akakoka utsi, cikonga cimafika ku ubongo pasanathe theka la mphindi, nicimpatsa mpumulo wa kanthawi. Thupi likazolowera limayamba kucifuna, ndipo cikasowa munthu amakwiya msanga, tulo sabwera, nchito siyenda. Ici ndico cibaba. Wosuta amayesa kuti fodya akumcotsera nkhawa, osadziwa kuti nkhawa yambiri imene ikucokayo inabwera ndi fodya yemweyo. Alimi amaidziwa mphamvu ya cikonga koposa anthu a m'tauni, pakuti wothyola fodya wonyowa ndi mame amatha kumva mseru ndi mutu ngakhale sanasutepo. Cikonga calowa pa khungu. Amai okoka nsunko m'mphuno kapena kuika m'kamwa nawonso ali m'msampha womwewo, ngakhale utsi suoneka.

Kuopsa kwa fodya sikunadziwike msanga. M'caka ca 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku Britain anasonyeza kuti kusuta kumayenda pamodzi ndi khansa ya m'mapapu, ndipo Doll mwini wace analeka kusuta ataona zimene anali kupeza. M'caka ca 1951 anayamba kutsata moyo wa madokotala acimuna oposa 34,000, nchito imene inatenga zaka 50. Anapeza kuti wosuta moyo wace wonse amafa msanga ndi zaka ngati 10 poyerekeza ndi wosasuta. Woleka ali ndi zaka 30 amabweza pafupifupi zaka zonsezo, ndipo woleka ali ndi zaka 60 amapindulabe zaka ngati zitatu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti fodya amapha anthu oposa mamiliyoni 7 caka ciri conse, ndipo oposa miliyoni imodzi mwa iwo sasuta, amangopuma utsi wa anzao. Amenewa, makamaka akazi ndi ana ogona m'nyumba imodzi ndi wosuta, sanafunsidwe konse.

Ngati cisankho ceni-ceni cimacitika pa ubwana, ndipo pambuyo pace colamulira ndi cibaba, lamulo lanzeru liyenera kuima pa khomo lolowera. Kulanga nkhalamba imene yasuta kaliwo zaka 40 sikupindula kanthu. Akuru anati kuongola mtengo mpoyamba. Ncifukwa cace malamulo a 1992 analetsa kugulitsa fodya kwa mwana wosakwana zaka 16, ndipo m'caka ca 2008 Boma linaletsa kusuta m'malo osonkhana anthu. Caka comweco dziko la Zambia linalowa m'pangano la WHO la kucepetsa kusuta, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2003.

M'panganolo muli mau awiri oyenera kuwamvetsa. Oyamba ndi a msonkho. Mtengo wa ndudu ukakwera ndi limodzi mwa magawo 10, kusuta m'maiko osauka kumatsika ndi pafupifupi magawo 5 pa 100, ndipo amene amabwerera msanga ndiwo acinyamata, popeza matumba ao ngopepuka. Aciwiri ndi a kugulitsa ndudu imodzi-imodzi, zimene pano amati mishanga. Mwana sangakwanitse paketi yathunthu, koma ndudu imodzi ya pa kantemba amaigula ndi cenji ca sopo. Wogulayo saona ngakhale cenjezo lolembedwa pa paketi, pakuti paketi imatsala ndi wogulitsa. Panganolo limapempha maiko kuti ayesetse kuletsa malonda otere, ndipo m'pomveka, cinkana eni tuntemba adzadandaula.

Alimi ena amaopa kuti malamulo amenewa adzapha msika wao. Nkhawa imeneyi iri ndi malire, cifukwa fodya wambiri wolimidwa m'Zambia amagulitsidwa kunja, ndipo mtengo wa belo la burley wa ku Chipata kapena Lundazi sudalira anyamata osuta a m'mudzimo. Panganolo limauzanso maboma kuti athandize alimi ofuna kutembenukira ku mbeu zina. M'dera lino nsawawa, soya ndi mpendadzuwa ndi mbeu zodziwika kale.

Komabe pali malo amodzi pamene msonkho sufika, ndiwo cigafa ca mlimi. Masamba okanidwa ku msika ndi nyenyeswa za posankha zimatsala pakhomo, ndipo mnyamata amangofuna kapepala ka m'buku la sukulu kuti apicire ndudu yace. Fodya wotere alibe mtengo, alibe cenjezo, ndipo utsi wace suli wofatsa koposa wa m'sitoro. Wapolisi sadzafika kumeneko. Mwini khomo ndiye angasunge zotsalazo pobisika, angaleke kutuma ana kukayatsa ndudu, ndiponso angawacotse pa nchito yothyola ndi kusoka masamba. Anyakwawa nawonso angalankhule ndi eni tuntemba a m'midzi yao za msinkhu wa ana amene amawagulitsa.