ZA KUYANG'ANIRA FONI YA MWANA WA MAKOMO AWIRI

(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za misyoni)

Mphunzitsi wa kumudzi asenza nchito zambiri zimene sanaziphunzire ku koleji, ndipo masiku ano pafika inanso. Mai afika pakhomo pace madzulo, foni iri m'manja, nadandaula kuti atate ace a mwana anamtumizira cinthuco kucokera ku Kitwe, ndipo tsopano mwanayo sagona usiku, angosinza m'kalasi. Ukwati wa makolowo unatha kale. Mwana akhala kwa amace masiku a sukulu, napita kwa atate ace pa chuthi. Ali ndi makomo awiri, ndipo khomo lirilonse liri ndi malamulo ace.

Alipo mapulogalamu othandiza makolo kuyang'anira foni ya mwana, koma ambiri alakwa poyamba ndi kufunsa za foni ya kholo. Coyamba kudziwa ndi mtundu wa foni ya mwanayo, pakuti mitundu yaikuru ndi iwiri, Android ndi iPhone. Mafoni a Tecno, Infinix, itel ndi Samsung, amene acuruka m'dziko muno, ayenda ndi Android. Kafoni ka mabatani sikalowa m'nkhaniyi.

Foni ya mwana ikakhala ya Android, bvuto licepa. Family Link, imene Google anaiturutsa mu 1917 kuonjeza zaka zana, ndiko kuti mu 2017, siilipiridwa, ndipo kholo likhoza kuika malire a maola, kutseka foni pa nthawi yogona, ndi kulola kapena kukana pulogalamu imene mwana afuna kuikamo. Ubwino wace waukuru ndi wakuti kholo liri ndi Tecno ndi kholo liri ndi iPhone, onse awiri akhoza kuyang'anira mwana yemweyo. Koma ngati tate wapatsa mwana iPhone yace yakale, zinthu zisintha. Screen Time ya Apple, imene inadza mu 2018, igwira bwino ndithu, koma kholo lofuna kuisintha liri kutali liyenera kukhala ndi cipangizo ca Apple, kotero mai wa Tecno atsala kunja ngati mlendo. Pamenepo patsala mapulogalamu onga Qustodio, amene ayenda pa mitundu yonse iwiri, ngakhale kuti zabwino zace zambiri zifuna ndalama, ndipo pa iPhone acita zocepa kusiyana ndi pa Android. Nthawi zambiri nzeru ndi kungogulira mwana foni ya Android yotsika mtengo.

Cacikuru koposa ndi kulowetsa kholo laciwiri. Pa Family Link munthu mmodzi akhala woyang'anira gulu la banja, ndipo iyeyo ndiye aitana mnzace nampatsa udindo wa kholo. Gululo silipitirira anthu 6, munthu sakhala m'magulu awiri nthawi imodzi, ndipo asintha gulu kamodzi kokha pa miyezi 12. Tsono tate amene anakwatiranso, nakhala kale ndi gulu lace la mkazi watsopano ndi ana ace, sangalowe kwina popanda kuturuka kumeneko. Ndipo nkhani yotereyi siimveka bwino m'nyumba yace. Ndiponso onse ayenera kukhala a dziko limodzi, cotero tate wogwira nchito ku Johannesburg, amene akaunti yace inalembedwa ku South Africa, adzakanidwa. Kuyenera kuti woyang'anira gulu akhale kholo limene mwana agona kwace masiku ambiri, cifukwa ndilo liona maso ofiira m'mawa.

Kumidzi kumene netiweki ibvuta, lamulo latsopano silifika pa foni ya mwana kufikira italumikizika ku intaneti. Koma foni ikatsekeka pamene mwana afuna kuwerenga za mayeso, pulogalamu ya kholo ipereka nambala yotsegulira, imene igwira ngakhale palibe bandulo.

Pali cinthu cimodzi cimene cingautse moto. Mapulogalamuwa aonetsa kumene foni ya mwana iri, ndipo kumene kuli mwana wamng'ono, kawirikawiri kuli amace. Tate amene mtima wace sunapole akhoza kusandutsa foni ya mwana kukhala kazitape wa maulendo a mkazi amene analekana naye. Ndipo mai akhoza kucita cimodzimodzi pa chuthi. Lamulo la ana la mu 2022, Children's Code Act, liika ubwino wa mwana patsogolo, ndipo kuzondana kotere sikumthandiza konse. Mbali yoonetsa malo ikhoza kuzimidwa, ndipo ngati paukwatiwo panali nkhanza, izimidwe popanda kukambirana.

Cifukwa cace mphunzitsi asafulumire kugwira foni tsiku lomwelo. Ayambe wapempha kuti makolo onse awiri abvomerezane za maola ndi nthawi yogona, pamaso pa ankhoswe kapena amalume a mwana, ngakhale mmodzi alankhule pa foni ali ku migodi. Mwanayo auzidwe poyera zimene ziikidwa, ndi amene adzaziona. Ndipo mau acinsinsi otsegulira akaunti mphunzitsi asawasunge. Kholo liwalembe lokha, iye atayang'ana kumbali.